Tcheni chikaduka kachitatu, vuto silili pa tcheni

Kukangoti mbee m'midzi ya kumtunda kwa Bembeke, njinga zamoto zimakhala zili kale pamsewu. Zimatulutsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato m'madimba kupita nazo ku M1, komwe malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakhala akupakira. Njinga imodzi imasenza matumba awiri, mwina atatu, aja osokerera pamwamba omwe palibe angalumbire kuti ndi a makilogalamu 50. Pachitunda woyendetsa amaponya giya yoyamba, injini n'kumalira momvetsa chisoni. Kenako pamangomveka kuti phwa! Injini ikukuwa yokha, wilo osazungulira. Tcheni chaduka.

Tcheni si chipangizo chodula kwambiri panjinga. Chopweteka ndi zomwe zimatsatira. Lole siyidikira munthu mmodzi, ikadzaza yapita. Ogula omwe amatsala pamsika ndi aja amadziwa bwino kuti mwini katundu wofika masana alibe kolowera, ndiye mtengo amatchula ndi iwowo. Mbatata ingapirire tsiku limodzi, koma tomato amene wakhala padzuwa m'mbali mwa msewu maola anayi sabwereranso pamtengo wake wa m'mawa.

Zikatere, ambiri amathamangira kushopu ya zipangizo pa Dedza boma, pa Chimbiya kapena pa Lizulu, n'kugula tcheni chotchipa chomwe achipeza, kumangirira, ulendo n'kupitirira. Pakatha masabata angapo, chadukanso. Mlandu umagwera wogulitsa, ati akugulitsa zinthu zachinyengo. Nthawi zina n'zoona ndithu, zipangizo zosalimba zilipo pamsika. Koma chipangizo chimodzimodzicho chikamathyoka mobwerezabwereza, kawirikawiri chimakhala kuti chikungofera zolakwa za china chomwe palibe wachiyang'ana.

Dedza amavutitsa makina m'njira yakeyake. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Kumtunda kotero mpweya umapepuka, moti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse omwe yakwera. Njinga yomwe imakoka bwino ku Mtakataka, ikafika ku Bembeke yataya kale gawo loposa limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake. Woyendetsa amakwaniritsa zoperewerazo posewera ndi kilatchi, kukoka moto kwambiri n'kumasula modzidzimutsa, ndipo kudzidzimuka kulikonse kumakathera pa tcheni. Kuwonjezera apo pali matope a Disembala mpaka Malichi ndi fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala, zomwe zikasakanikirana ndi mafuta a pa tcheni zimasanduka ngati mwala wonolera.

Pomwe zili choncho, zipangizo zonsezi n'zochokera kunja. Kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti mitengo m'mashopu a zipangizo isamakhazikike. Kugula chinthu chimodzi kawiri chifukwa choti poyamba vuto silidapezeke, masiku ano ndi phindu la maulendo angapo lomwe lapita.

Tcheni, ma sprocket ndi nkhani ya kukunga

Tcheni chimayenda pa mawilo awiri a mano, sprocket yaing'ono ya kuinjini ndi yaikulu ya kuwilo la kumbuyo. Zitatuzi zimatha pamodzi. Tcheni chikamakalamba chimatalika, osati chifukwa chitsulo chatamuka, koma chifukwa timapini ta m'kati tadyeka. Tcheni chotalikacho chimakwera pamwamba pa mano n'kumawadya mbali imodzi mpaka asongoke ndi kupindika ngati mbedza. Tcheni chatsopano chikaikidwa pa mano otere, mipata yake ndi ya manowo sizigwirizana, ndiye katundu yense amagwera pa mano awiri kapena atatu m'malo mogawana ambiri. Apa ndi pomwe tcheni chabwinobwino chimathera m'mwezi umodzi. N'chifukwa chake opanga njinga amalangiza kusintha zitatuzi nthawi imodzi, ndipo m'mashopu ambiri zimagulitsidwanso ngati seti.

Kudziwa ngati zatha sikulira makaniko. Munthu agwire tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sprocket yaikulu n'kuchikokera kumbuyo. Chikanyamuka mpaka theka la dzino kuoneka, chatha. Amene ali ndi tepi angathe kuyeza. Njinga zambiri za kabaza za 125cc ndi 150cc zimagwiritsa ntchito tcheni cha nambala 428, chomwe mpata wa pini ndi pini inzake ndi mamilimita 12.7. Kuchokera pa pini yoyamba kufika pa ya nambala 21, tcheni chatsopano chimakwana mamilimita 254. Chikafika cha m'ma 259 kapena 260 chitakokedwa bwino, ntchito yake yatha, ngakhale chikuoneka chonyezimira.

Koma cholakwika chachikulu, chomwe chimapha matcheni ambiri m'zitunda za Dedza, ndi kakungidwe. Woyendetsa akamva tcheni chikugunda, amatenga sipanala n'kuchikunga mpaka chikhale gwa ngati nsambo ya gitala. Amatero njinga ili yopanda kanthu. Chomwe saganizira n'chakuti wilo la kumbuyo limamangidwa pa swing arm, chitsulo chija chimakwera ndi kutsika potsatira ma shock. Njinga ikasenza katundu n'kutsika kumbuyo, mtunda wa pakati pa ma sprocket awiri aja umakula, tcheni n'kukungika chokha. Chomwe chidali gwa njinga ili yopanda kanthu, matumba atatu akakwera chimakhala chikukokedwa kupyola muyeso, ndipo wilo likagwa m'dzenje chimakokedwanso kwambiri. Chikapanda kuduka, chimawononga bearing ya m'habu kapena ya shafti yotuluka m'giyabokosi. Yachiwiriyi ndiye tsoka, chifukwa kuti isinthidwe injini iyenera kutsegulidwa pakati.

Mabuku a njinga zambiri zamtunduwu amati tcheni chizisewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati pa ma sprocket, pafupifupi zala ziwiri. Kwa wonyamula katundu wolemera, nzeru ndi kuyezanso njinga itapakiridwa, woyendetsa atakhalapo, kuona kuti chikadali ndi mpata wosewera. Ndi bwinonso kuzungulitsa wilo n'kuyeza malo angapo, chifukwa tcheni sichitha mofanana, chimakhala ndi malo ena othina. Muyeso utengedwe pothinapo. Tcheni cholefuka pang'ono chimangosokosa, chothina chimadya ndalama.

Pokunga pali zina ziwiri zomwe zimaphonyedwa. Mbali zonse ziwiri za swing arm zili ndi timizere, ndipo ekiselo iyenera kukhala pamzere wofanana uku ndi uku. Ikapendekeka, tcheni chimayenda chammbali, mano n'kudyeka mbali imodzi, teyala nalo n'kumatha mokhota. Chachiwiri ndi kaloko ka polumikizira tcheni. Mbali yake yotseka iyenera kutsogola komwe tcheni chikulowera. Kakaikidwa mozondoka, udzu kapena kamtengo kamakakola n'kukachotsa, tcheni n'kumasuka chisadathe n'komwe. Matcheni ena omwe amati aduka amakhala kuti angotaya kalokoka.

Pa za mafuta, gilizi wokhuthala amaoneka ngati wabwino koma amakola mchenga. Oyilo wakuda wotsala posintha wa muinjini, yemwe ambiri amadalira poti ndi waulere, amathandiza kusiyana n'kusathira kanthu, koma ndi wopyapyala, amauluka msanga, komanso ali ndi tizitsulo. Oyilo wa giya wa nambala 90 ndi amene opanga njinga ambiri amatchula, ndipo botolo limodzi limakhala miyezi. Tcheni chitsukidwe kaye ndi palafini ndi kaburashi, chiume, ndiye chithiridwe. M'nyengo ya matope izi n'zofunika pafupipafupi, mwina masiku awiri kapena atatu alionse. Chivundikiro cha tcheni chomwe anyamata ambiri amachotsa njinga ikangogulidwa, ati chimasokosa ndipo chimakalambitsa njinga, ndicho chimateteza tcheni kufumbi kuposa mafuta alionse. Wochotsa chivundikirochi amagula matcheni ambiri pachaka kuposa mnzake wochisiya, ndipo kusokosako kumatha pongomanga mabawuti ake.

Phokoso lililonse lili ndi kwawo

Si kugunda kulikonse kwa kumbuyo komwe kumachokera pa tcheni. Njinga ikamagunda kuti gu ponyamuka kapena posiya moto, koma tcheni chili pamuyeso, malo oyamba kuona ndi m'habu. M'menemo muli timarabala tomwe timakhala pakati pa sprocket ndi wilo, ntchito yake kufewetsa kudzidzimuka. Tikaphwanyika, sprocket imasewera yokha wilo lili chiimire, zomwe munthu angaone poigwedeza ndi dzanja kutsogolo ndi kumbuyo. Timarabalati ndi tina mwa tizipangizo totchipa kwambiri panjinga, koma tikatha nkhonya yonse ya injini imafika pa tcheni ndi pa masipoko mosachepetsedwa. Mwini njinga amene masipoko akumuthyokera sabata ndi sabata ayambe waona pamenepa.

Njinga ikamagwedeza kumbuyo pokhota, ngati teyala laphwa pomwe mpweya ulimo, pali zinthu zitatu zoti zifufuzidwe, ndipo zonse zimadziwika njinga itaimikidwa pa sitandi yapakati. Kugwira wilo pamwamba ndi pansi n'kuligwedezera m'mbali: likasewera, ma bearing atha. Kugwira swing arm kumapeto n'kuikankhira uku ndi uku: ikasewera, mabushi a pomwe imamangirira ku felemu atha, ndipo mabushi otha amapotoza mzere wa tcheni nthawi iliyonse injini ikakoka. Kenako kugogoda masipoko limodzilimodzi ndi sipanala. Lokungika limalira kuti ngwee, lolefuka limangoti phu. Sipoko limodzi likalefuka, anzake oyandikana nalo amasenza katundu wake, ndiye amathyoka motsatizana.

Ma shock nawo amadziwika mosavuta. Mafuta akamaoneka pa kachitsulo konyezimira ka m'kati, shock ikutha. Munthu akadina kumbuyo kwa njinga n'kusiya, iyenera kubwerera kamodzi n'kukhazikika. Ikamadumphadumpha, zatsala ndi sipuling'i zokha. Wilo lodumpha limakoka ndi kumasula tcheni kosalekeza, komanso kwa wamalonda pali china: tomato ndi mazira zimamva dzenje lililonse. Amene amadabwa kuti bwanji dengu lake limafika ndi tomato wophwanyika pansi pomwe la mnzake lafika bwino, asamangoloza kapakiridwe. Kutsogolo nako, mafuta akamatsika m'mafoloko amatha kufika pa mabuleki, ndipo buleki yonyowa mafuta siyigwira.

Kuwonjezera mphamvu: zomwe zimabweza ndalama ndi zomwe zimanamiza

Palibe njinga yonyamula katundu ku Dedza yomwe imakhala monga idachokera kufakitale. Kaya ndi Lifo, SanLG, King Lion kapena Boxer, pakatha miyezi yochepa imakhala yawotcheredwa kaliyala wamkulu, ina yawonjezeredwa ma shock. Zina mwa zosinthazi n'zanzeru.

Chotchipa ndiponso chothandiza kwambiri kumapiri ndi kusintha kuchuluka kwa mano. Masamu ake ndi osavuta: mano a kumbuyo kugawa ndi a kutsogolo. Njinga ya mano 15 kutsogolo ndi 41 kumbuyo imapereka 2.73, kutanthauza kuti sprocket yaing'ono imazungulira kokwana 2.73 kuti wilo lizungulire kamodzi. Kuika ya mano 45 kumbuyo kumakweza nambalayi kufika pa 3.0, ndiye kuti mphamvu yokokera yakwera ndi pafupifupi 10 peresenti, yomwe ndi pafupifupi ija idatayika chifukwa cha kukwera kwa malo. Njinga imanyamuka ndi katundu popanda kuotcha kilatchi, ndipo zitunda zina zomwe zimafuna giya yoyamba zimatheka pa yachiwiri. Malipiro ake ndi liwiro. Pomwe njinga imathamanga makilomita 80 pa ola, pa kulira komweko kwa injini izithamanga cha m'ma 73, ndipo pa tala izimwa mafuta ochulukirapo. Kwa amene ntchito yake ndi kuchokera kumadimba kufika ku M1, kutaya liwiro kumeneko si kanthu. Kwa wonyamula anthu pa tala tsiku lonse, mwina sizingamupindulire.

Njira ina ndi kuchepetsa dzino limodzi kutsogolo, kuchoka pa 15 kufika pa 14, zomwe zimapereka 2.93. Dzino limodzi kutsogolo limafanana ndi pafupifupi atatu kumbuyo, ndipo sprocket yaing'ono ndi yotchipa. Koma ikachepa kwambiri tcheni chimapindika mothina n'kumatha msanga, choncho kutsika kwambiri si nzeru. Wosankha yaikulu kumbuyo akumbukire kuti tcheni chifunika chotalikirapo, mano anayi owonjezera amafuna mfundo ziwiri zina, komanso aone kaye ngati ikwana m'chivundikiro.

Tcheni cholembedwa 428H chili ndi timapuleti tokhuthala kuposa 428 wamba ndipo chimakwana pa ma sprocket omwewo. Kwa wonyamula matumba, kusiyana kwa mtengo kumabwerera. Masipoko okhuthala kuwilo la kumbuyo amathandizanso, bola amangidwe ndi munthu wodziwa kuwongola wilo. Pa matayala, chilembo cha PR chimasonyeza kulimba, moti la 6PR kapena 8PR limapirira katundu kuposa la 4PR. Pa ma bearing, omwe nambala yake imathera ndi 2RS ali ndi zotsekera za rabala mbali zonse ziwiri, ndipo m'matope a ku Mayani kapena ku Lobi amakhalitsa kuposa otseguka.

Palinso chaulere chomwe ambiri sachigwiritsa ntchito. Ma shock ambiri a kumbuyo ali ndi kamphete ka masitepe, kawirikawiri asanu, komwe kamakunga sipuling'i. Kukazungulitsa kumakweza kumbuyo kwa njinga kuti isagunde pansi ikalemedwa. Mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe yofanana.

Pomwe pali chinyengo ndi pa ma shock anayi. Njinga yowonjezeredwa ma shock awiri imaoneka yamphamvu, siyitsika ngakhale matumba achuluke, ndipo mwini wake amaganiza kuti tsopano ingasenze chilichonse. Koma kulemera sikudachoke, kwangosamuka. Zomwe sipuling'i ikadameza tsopano zikupita ku felemu, ku ekiselo, ku ma bearing ndi ku masipoko, zomwe sizidasinthidwe. Felemu imayamba kung'aluka pafupi ndi pomwe adawotcherera, pansi pa chishalo pomwe maso safikapo. Njinga ikakhala yopanda katundu imauma ngati ngolo, wilo n'kumadumpha pa msewu wa mabampu. Mabuku a njinga zambiri za kukula kotere amaika malire a katundu cha m'ma makilogalamu 150, kuphatikizapo woyendetsa. Aliyense akudziwa kuti malire amenewa amapyoledwa tsiku lililonse, ndipo palibe angasiye mawa chifukwa cha nkhani ya m'nyuzipepala. Komabe pali kusiyana pakati pa kupyola pang'ono munthu akudziwa ndi kukhulupirira kuti chitsulo chowotcherera chafufuta malirewo. Ngati ma shock akufunikadi olimba, awiri olimba oikidwa pamalo pomwe opanga adakonza ndi abwino kuposa anayi owotcherera.

Ndipo palibe chosintha chilichonse mwa izi chomwe chimawonjezera mabuleki. Otsitsira katundu ku Golomoti kudzera m'makhotakhota a Khwekhwelere amatsika mamita pafupifupi 1,000, ndipo buleki ya dilamu ikatentha imasiya kugwira. Kumeneko chomwe chimagwira njinga ndi injini pa giya yotsika, kudzera pa tcheni chomwechija. Tcheni chikaduka pokwera, munthu amataya msika. Chikaduka kapena kuvuka potsika, nkhani imakhala ina.

Kwa obwereka malole

Amalonda ambiri alibe lole yawoyawo. Amasonkherana n'kuchita hayala ya matani awiri kapena atatu, Dyna kapena Canter, kupita ku msika wa Wakawaka ku Lilongwe kapena ku Limbe. Popeza mafuta, hayala ndi ndalama za pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni zimawerengedwa pa ulendo, aliyense amafuna thumba lake likwere, ndipo mwini lole naye sakana ndalama. Zotsatira zake zimaoneka m'mbali mwa M1: lole yapendekeka, nthambi zaikidwa pamsewu, eni katundu akhala pamatumba manja ali m'masaya.

Matenda a lole ndi omwewo a njinga, kungoti zitsulo zake n'zazikulu. Masipuling'i a lole ndi mapale achitsulo osanjikizana, ogwidwa pakati ndi centre bolt n'kumangidwa ku ekiselo ndi ma U-bolt. Ma U-bolt akalefuka, mapale amasewera, centre bolt n'kuduka, ekiselo n'kusuntha mbali imodzi. Lole yotere imayenda chammbali ngati nkhanu, ndipo woiona kumbuyo amazindikira msanga kuposa dalaivala. Mwini wake akangosintha centre bolt osasintha ma U-bolt otamuka, kapena osawamanganso pakatha maulendo angapo oyamba, idukanso. Pale lothyoka likawotcheredwa silikhalitsa, chifukwa moto umachotsa kulimba komwe chitsulo cha sipuling'i chidapatsidwa kufakitale, ndiye limathyokanso pambali pa chowotchereracho. Kuwonjezera mapale kuli ngati ma shock anayi aja: lole imaima mowongoka, koma difu, ma half shaft, ma bearing, matayala ndi mabuleki zikadali za matani omwe adalembedwa pa kapuleti ka galimotoyo.

Wamalonda sayenera kukhala makaniko kuti adziteteze. Mphindi zisanu lole isadapakiridwe zimakwana. Aime kumbuyo aone ngati yapendekera mbali imodzi ili yopanda kanthu. Asuzumire pansi aone ngati pali pale lothyoka, losuntha kapena lomangidwa ndi waya ndi mphira. Aone ngati difu ikudontha mafuta, kapena ngati m'kati mwa wilo la kumbuyo mwanyowa, chizindikiro choti mafuta akulowa ku mabuleki. Matayala awiri oyandikana a kumbuyo akhale ofanana msinkhu, chifukwa lina likakhala lalifupi, lalitalilo limasenza lokha n'kuphulika. Lole ikamanyamuka amvetsere. Kugunda kwa chitsulo pansi poika giya kapena ponyamuka, komanso kunjenjemera komwe kumakula ndi liwiro, kumaloza ku cross bearing ya propeller shaft. Injini ikamakuwa pachitunda liwiro osawonjezeka, fungo lopserera n'kumamveka, kilatchi ikuterereka, ndipo lole yotero ikhoza kukagona panjira. Pepala la COF la ku Road Traffic limasonyeza kuti galimoto idayezedwa, koma limanena za tsiku loyezalo, osati za lero.

Chinanso chofunika kukambirana lole isadanyamuke ndi ichi: ikafera panjira, ndani alipire galimoto ina yodzatenga katundu, ndipo hayala yomwe yaperekedwa kale ibwerera yochuluka bwanji? Mikangano yambiri ya m'mbali mwa msewu imabuka chifukwa funsoli limafunsidwa lole itafa kale. Kupereka theka ponyamuka ndi theka pofika kumathandiza kuti mwini lole naye achite changu.

Njinga yakapalasa, yomwe ikadali msana wa malonda a m'midzi yambiri, malamulo ake ndi omwewa mwachidule. Tcheni chatsopano pa mano otha chimalumpha, masipoko olefuka amapinda limu, ndipo ekiselo ya kumbuyo ikamathyoka kawirikawiri, kaliyala ndi amene akusenzetsedwa kupyola muyeso kapena katundu wakhala kumbuyo kwambiri. Thumba likhale pamwamba pa ekiselo, osati kulendewera kuseri kwake.

Pogula

Mayina a njinga ndi osadalirika pogula zipangizo. Zambiri zimafanana maonekedwe, zina zidalowa kudzera m'malire a Mozambique cha ku Calomue zitasinthidwa kale zina ndi zina, ndipo ziwiri za dzina limodzi zikhoza kukhala ndi habu zosiyana. Chipangizo chakale chipite nawo kushopu. Pa sprocket awerengedwe mano ndi mabowo a mabawuti, n'kusanjikiza yakale pa yatsopano. Pa tcheni ionedwe nambala yolembedwa pa timapuleti ndi kuchuluka kwa mfundo, chifukwa 420 ndi 428 zimaoneka zofanana koma sizisinthana bwino. Pa bearing nambala ili m'mbali, monga 6202, 6301 kapena 6302, ndipo bearing ya nambala yomweyo imapezekanso m'mashopu a zipangizo za magalimoto ndi za zigayo, nthawi zina yabwino kuposa ya m'shopu ya njinga. Pa shock uyezedwe utali kuchokera pa bowo la pamwamba kufika pa la pansi. Yaitali kwambiri imasintha kakungidwe ka tcheni, nkhani ija n'kuyambiranso.

Funso la chotchipa ndi chodula limayankhidwa ndi kope, osati ndi maso. Mwini njinga amene amalemba tsiku lomwe adaika seti, mtengo wake, shopu yomwe adagula ndi tsiku lomwe idatha, pakutha pa chaka amadziwa chomwe chikumudyera ndalama. Seti ya theka la mtengo yomwe imakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi ya inzake ndi yodula, osawerengera ndalama ya makaniko katatu ndi masiku atatu a msika. Kopelo limathandizanso pomwe njinga ili m'manja mwa mnyamata waganyu amene amapereka ndalama yoikika patsiku. Mgwirizano wotero umamukankhira kupakira kwambiri ndi kuthamanga, popeza zotsala ndi zake pomwe zowonongeka ndi za bwana. Eni ena amathana nazo pogwirizana kuti oyilo wa tcheni ndi kukunga ndi udindo wa woyendetsa, ndipo seti ikatha nthawi yomwe adagwirizana isadakwane, mtengo agawana.

Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, fumbi litamaliza ntchito yake koma matope asadayambe. Seti yomwe yatsala pang'ono kutha siyingadutse Januwale m'misewu ya kumadimba, ndipo m'miyezi imeneyo ndalama zambiri zimakhala zapita ku feteleza ndi kusukulu. Timarabala ta m'habu, kaloko kapadera ka tcheni ndi botolo la oyilo wa nambala 90 zimakwana m'kathumba ka pansi pa chishalo, pamodzi ndi masipanala awiri omasulira ekiselo.